Botolo la Amalume ndi Dzanja Lamanja la Amayi

1. ZA NYENGO YA CHIPERONI IMENE AMAYI ANAITANIDWA KU BWALO LA MPINGO

Wolemba: Faniwelo Lameki Chapepa

Chinthu choyamba chimene ndiyenera kufotokoza ndi botolo. Linali lobiriwira, lalitali khosi, lotsekedwa ndi chitsononkho chokulungidwa kansalu, ndipo linkakhala kuseri kwa mgolo wa madzi m'kanyumba kathu kophikira ku Limbe, chakumunsi kwa phiri la Mpingwe. Silinali la amayi. Mfundo imeneyi ndikuilemba poyambirira penipeni kuti aliyense wowerenga, makamaka ana anga ndi ana a alongo anga, asayambe ndi chikaiko chimene akuluakulu ena anayamba nacho. Botololo linali la amalume, achimwene awo a amayi, ndipo munali kachasu.

Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi zaka khumi. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi m'thumba, ndipo akuluakulu ankatsitsa mawu akamacheza m'basi. Banja lathu linachokera ku chigwa cha Shire, kotentha, motero kuzizira kwa Limbe sitinakuzolowere mpaka kalekale. Abambo ankagwira ntchito ya njanji ndipo ankatha masabata ambiri ali kutali ndi nyumba. Amalume, amene ankapaka penti m'nyumba za mabwana ku Nyambadwe, ankagona kwathu pa mphasa m'chipinda chochezera. Tsiku limene anafika ndi chikwama chawo, amayi anawauza kuti m'nyumba ya Mkhristu mowa sulowa. Amalume anavomera ndi ulemu wonse. Botolo analisunga panja, m'kanyumba kophikira, ndipo ine nditawapeza akumwa m'mawa wina anandilumbiritsa kuti ndisatchule dzina lawo kwa munthu aliyense. Pofuna kuti lumbirolo lilimbe, anandipangira galimoto ya mawaya ya matayala asanu ndi limodzi.

Amayi anali telala. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ankasoka pa khonde la sitolo ya nsalu ya bambo wina wa Chisilamu, pa makina akuda opalasa ndi mapazi. Pa khonde limenelo panali matelala atatu, awiri aamuna, koma madiresi a ukwati ankapatsidwa kwa amayi okha chifukwa msoko wawo unkawongoka ngati njanji ya abambo. Kumpingo anali m'gulu la amayi amene amasonkhana Lachinayi lililonse atavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Ndiyenera kuwonjezera kuti mabulauzi ambiri a gululo anasokedwa ndi iwo omwe. Ndikupempha wowerenga wa masiku ano amvetse kuti yunifolomu imeneyo sinali chovala chabe. Mayi amene wavulidwa yunifolomu chifukwa cha mlandu ankakhala pa benchi lakumbuyo, osadya Mgonero, osaimba nawo pa maliro, ndipo ana ake ankadziwika ndi mlanduwo kusukulu ndi pa mpopi pomwe.

Chiperoni chitayamba, ndi kamvula kake kowaza kosaleka ndi nkhungu yotsika m'phiri mpaka pakhomo, dzanja lamanja la amayi linayamba kunjenjemera. Linkatero akakhala chabe. Akamaliza kudya n'kuika manja pamiyendo, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkayamba kupekesana zokha, ngati munthu akupota ulusi wosaoneka. Iwo ankaseka n'kumati dzanjalo ndi la ku Nsanje, latopa ndi mphepo ya ku Limbe ndipo likufuna kubwerera kwawo. Analisokera golovesi ya nsalu ya bulangete. Mlongo wanga wamng'ono ankakonda kuika chikhatho chake pamwamba pa dzanjalo n'kumaseka kuti muli mbalame. Koma tsiku lina dzuwa linawala bwino, tonse tinavula majuzi, ndipo dzanjalo linapitiriza ntchito yake.

Panali zizindikiro zinanso zimene ndaziika pamodzi nditakula, popeza pa nthawiyo palibe anachita zimenezo. Amayi akamayenda, mkono wamanja sunkagwedezeka monga wamanzere, unkangolendewera. Phazi lamanja linkakhula pansi pang'ono, moti nsapato ya mbali imeneyo inatha msanga kuposa inzake. Mawu awo, amene kale ankandipeza ndili ku bwalo la mpira, anachepa. Nkhope inayamba kukhala duu ngakhale pamene akunena nthabwala, zimene zinkachititsa nthabwalazo kuseketsa kwambiri. Ndiponso anasiya kumva fungo. Nyemba zinapserera kawiri iwo ali pomwepo, ndipo n'chifukwa chake botolo lija linatha miyezi kuseri kwa mgolo osatulukiridwa, pomwe ine ndinkalimva ndisanalowe n'komwe.

Vuto linaonekera poyera Lamulungu la Mgonero. Mwambo wa mpingo wathu unali wakuti akulu a mpingo amayendetsa timakapu ting'onoting'ono pa thireyi, aliyense n'kutenga kake, koma osamwa kufikira onse atalandira ndipo abusa atamaliza mawu. Amayi, pokhala pa benchi lakutsogolo, analandira kawo moyambirira. Abusa athu anali munthu wosafulumira pa chilichonse. Podikirapo dzanja linayamba, ndipo chakumwa chofiira chinatayikira pa bulauzi yoyera kuyambira pa batani lachiwiri mpaka m'chiuno. Potuluka m'tchalitchi amayi anayenda pakati pa anthu akukhwekhwereza phazi, nkhope ili duu, banga lofiira lili pachifuwa. Amayi apampando, amene ankatsogolera gulu la Lachinayi, anaona zonsezi n'kufinya milomo.

Sindikufuna kuwaweruza mwankhanza amayi apampando. M'dera lathu munthu wonjenjemera manja, wokoka phazi, wolankhula mosamveka bwino, tinkamudziwa mtundu umodzi wokha, ndipo tinkamuona m'mawa uliwonse akutuluka m'tinjira ta kumene amatcheza kachasu. Kunjenjemera kwa matenda tinkakudziwa mwa nkhalamba zopanda mano. Kwa mayi wamphamvu zake, woberekabe mwana kumsana, maganizo a anthu analibe kwina kolowera.

Apa ndafika pa kulakwa kwanga, kumene sindikubisa. Lamulungu lotsatira, aphunzitsi a Sande sukulu, amene anali ang'ono awo a amayi apampando, anatiphunzitsa za kunena zoona. Phunziro litatha anandiitanira pambali, anandipatsa mandasi, n'kundifunsa ngati kwathu kuli botolo lililonse limene akuluakulu amabisa. Ine ndinayankha mokwanira bwino, monga mwana wofuna kukhoza mayeso. Ndinatchula mtundu wa botololo, malo ake, chotsekera chake, fungo lake, ndiponso kuti zam'katimo zimatsika tsiku ndi tsiku kenako n'kudzazanso Loweruka. Aphunzitsi sanandifunse mwini wake. Ine, pokumbukira lumbiro ndi galimoto ya mawaya, sindinamutchule. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati mwana wangwiro, amene wanena zoona n'kusunganso lonjezo pa tsiku limodzi.

Sabata imeneyo nyumba yathu inalandira alendo ambiri kuposa pa Khirisimasi. Amayi a gulu ankabwera awiriawiri m'mawa, amayi asananyamuke kupita ku khonde, ati kudzangocheza. Popereka moni ankawerama pafupi kwambiri ndi nkhope ya amayi n'kukoka mpweya wautali. Ena ankafunsa funso limodzimodzi kawiri kuti amayi atsegule pakamwa kachiwiri. Poyamba amayi anaganiza kuti anthuwo akufuna mabulauzi atsopano, moti anatulutsa tepi n'kuyeza awiri a iwo asanafunse. Alendo a Lachitatu atapita, amayi anandiyang'ana n'kunena kuti anthu awa akuwanunkhiza ngati nsomba ya pamsika, ndipo sakudziwa ngati apezeka abwino kapena owola. Lachinayi mayi wina anapempha madzi akumwa n'kukana kuti ndikamutungire, ati akatunga yekha ku mgolo. Anatuluka m'kanyumba kophikira atafungata kanthu m'chitenje, ndipo anatsanzika mofulumira osamwa madziwo.

Lachisanu masana mkulu wa mpingo anabweretsa kalata. Inali kalata yoyamba yotayipidwa imene ndinaigwirapo m'moyo mwanga, ndipo amayi anandiuza kuti ndiwawerengere chifukwa pepala linkavina m'dzanja lawo. Inanena mwaulemu wonse kuti amayi akuitanidwa ku bwalo la mpingo mawa lake masana kukayankha za kuledzera, ndiponso kuti abwere atanyamula yunifolomu yawo m'manja, osati ataivala. Mwana wawo wamkulu, ndiye kuti ine, abwerenso monga mboni.

Nditafika pa mzere womalizawo ndinalira, ndipo ndinaulula zonse, mandasi omwe. Amayi sanandimenye. Anadikira kuti amalume abwere kuntchito, anawapatsa madzi osamba ndi tiyi, kenako anawafunsa motsitsa mawu kuti botolo la kuseri kwa mgolo linali la ndani. Amalume anayang'ana kudenga nthawi yaitali n'kunena kuti malata athu ayamba dzimbiri ndipo akufunika penti mvula isanabwere. Amayi anabwereza funsolo. Pamenepo amalume anavomera, koma anafotokoza kuti sanaphwanye lamulo chifukwa kanyumba kophikira kali ndi khomo lakelake. Amayi anaseka mpaka misozi, mapewa akugwedezeka, nkhope yokha ili chikhalire. Atapukuta maso anati iwo sakatchula mchimwene wawo pa bwalo, chifukwa kapitawo amene ankapatsa amalume ntchito ya penti anali mmodzi wa akulu oweruzawo. Amalume anati akalitenga okha botololo n'kukaliponya mu mtsinje.

"Botolo mukhoza kulitenga, achimwene," anatero amayi. "Nanga dzanjali mukaliuza chiyani?"

Onse atatu tinayang'ana dzanjalo. Linali pamwendo pawo likupota ulusi wake.

Bwalo linachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, konunkha makandulo ndi mabuku onyowa. Munali abusa, akulu a mpingo anayi, amayi apampando ndi aphunzitsi a Sande sukulu. Baibulo linali pa tebulo, ndipo popeza palibe analimba mtima kuika botolo pafupi nalo, botololo linaima lokha pansi pakati pa chipinda ngati nalonso likuzengedwa mlandu. Amayi anakhala pa benchi atavala diresi wamba, yunifolomu yosita bwino ili pamiyendo. Ine ndinafunsidwa ngati ndikulidziwa botololo, ndipo ndinavomera. Nditafunsidwa mwini wake, ndinayang'ana amayi, iwo anayang'ana khoma, ndipo ndinati si la amayi. Mkulu wina anati mwana aliyense angayankhe choncho. Amayi ananena mwachidule kuti chibadwire sanalawepo mowa, ndipo chimene chalowa m'dzanja lawo sakuchidziwa. Tsoka lake n'lakuti dzanjalo linkakula mphamvu amayi akakhala ndi nkhawa. Tsiku limenelo linkagwedeza ndi bulauzi yomwe inali pansi pake, ndipo maso onse anali pamenepo. Amayi apampando anali atayamba kale kutambasula manja kuti alandire yunifolomu.

Ndiye kunamveka odi pakhomo. Analowa amalume atavala jekete yobwereka, yaifupi mikono, khutu limodzi lili ndi penti wobiriwira wa ku Nyambadwe. Anagwada, anawomba m'manja kwa abusa, kwa akulu, ngakhale kwa kapitawo wawo amene anatembenukira kuzenera. Pambuyo pake ndinadziwa kuti sanalawe mowa chiyambire dzulo lake, ndipo anachita dala.

"Abusa," anatero amalume, "ine si wa mpingo uno, ndipo botolo ilo ndi langa. Koma sindinabwere kudzalipempha. Pa nkhani imene mukuweruzayi ndine wophunzira kuposa nonse muli muno. Ndakhala m'sukulu imeneyi zaka khumi ndi zisanu osalephera kalasi."

Abusa, amene monga ndanenera pamwambapa sankafulumira, anawalola kupitiriza. Amalume anapempha kukhala pa benchi limodzi ndi amayi, ndipo anati onse awiri aike manja pamaondo. Anauza akuluwo kuti awerenge manja amene akunjenjemera. Anali atatu, awiri a amalume ndi limodzi la amayi. Amalume anafunsa ngati alipo anaonapo kachasu amene amalowa m'mimba n'kusankha mkono umodzi, wina n'kuusiya. Palibe anayankha, popeza kuyankha kukanaonetsa kuti munthu akudziwa zambiri.

Kenako anapempha singano ndi ulusi. Amayi, monga telala aliyense, anali ndi singano pa kolala ya diresi, ndipo ulusi woyera anaupereka amayi apampando kuchokera m'chikwama chawo. Amalume ananyowetsa ulusi ndi malovu, anatseka diso limodzi, n'kuyamba kuulondolera pa bowo la singano. Pamene ulusi unkayandikira, manja ankapenga kwambiri. Unadutsa kumanzere, unadutsa kumanja, ulendo wachinayi singano inagwa pansi ndipo aphunzitsi a Sande sukulu anaitola. Ulendo wachisanu amalume anadzibaya chala n'kutulutsa mawu a Chisena amene sindingawalembe m'chikalata chino. Mkulu wina wa mpingo anabisa nkhope m'kampango, mapewa akugwedezeka.

Ndiye anapereka singanoyo kwa amayi. Zimene ndinaona ndikuzikumbukira bwino kuposa zimene ndadya dzulo. Dzanja lija, limene linkagwedezeka pamwendo ngati nkhuku yodulidwa mutu, litangonyamuka kupita ku ulusi linakhala bata. Ulusi unalowa ulendo woyamba. Amayi anaukoka, anamanga mfundo ndi zala ziwiri, ndipo posafuna kuti ntchitoyo ipite pachabe anawerama n'kulimbitsa batani la jekete ya amalume limene linkalendewera. Atamaliza anadula ulusi ndi mano n'kubweza dzanja pamwendo. Tonse tinaliyang'ana. Linakhala phee kanthawi kochepa, kenako chala chachikulu chinayamba kusuntha, ndipo linabwerera ku ntchito yake.

"Mwaona," anatero amalume. "Dzanja la kachasu limanjenjemera likafuna kugwira chinthu. La achemwali anga limanjenjemera likasowa chogwira. Uwu si mowa, abusa. Mowa ndimaudziwa ngati dzina langa."

Anawonjezera kuti mayesowo ali ndi gawo lomaliza, limene lingathetse chikaiko chonse. Ngati bwalo lingalole kuti iwo ndi achemwali awo apatsidwe kakapu kamodzikamodzi kuchokera m'botolo lija, akuluwo aona ndi maso awo kuti manja a amalume akhala bata pasanathe nthawi, pomwe la amayi lipitiriza. Anati iwo ndi okonzeka kudzipereka chifukwa cha choonadi. Abusa anawathokoza n'kunena kuti umboni umene waperekedwa ndi wokwanira.

Chigamulo chinali chakuti yunifolomu ibwerere ndi mwini wake, koma amayi apite kuchipatala chachikulu cha ku Blantyre n'kubweretsa kalata ya dokotala, kuti pakamwa pa anthu patsekeke ndi pepala. Kachasu anakamutaya kuseri kwa tchalitchi, pa chulu. Amalume anaima pambali atavula chipewa kufikira dontho lomaliza litalowa m'dothi. Kapitawo wawo sanawachotse ntchito, koma kuyambira pamenepo ankawapatsa makoma okhaokha, mafelemu a mazenera n'kupatsa ena.

Amene anaperekeza amayi kuchipatala anali amayi apampando, ndipo anadzipereka okha. Mwini sitolo anauza dalaivala wake kuti awatenge pa lole yopita ku Blantyre kukatenga nsalu. Anapita maulendo atatu. Zimene zinachitika kumeneko tinazimva kwa amayi apampando, chifukwa pakamwa pamene panafalitsa nkhani yoyamba panafalitsa yachiwiri mwaliwiro loposa. Anati dokotala anayendetsa amayi m'khonde uku ndi uku, anawauza kuti agundanitse zala mofulumira, anawapinda mkono n'kuuwongola, kenako anawalembetsa dzina lawo kangapo, ndipo zilembo zinkachepa mzere uliwonse mpaka kufanana ndi nyerere. Anawafunsa zaka zawo kawiri. Kenako anaitana madokotala anzake ndi ophunzira, onse n'kuzungulira dzanja limodzi la telala wa ku Limbe, moti amayi anawafunsa ngati alipo wofuna kuyezedwa suti pamene onse ali pamodzi. Dokotalayo anati ndi matenda a Pakinsoni, amene amayambira mu ubongo, ndipo kawirikawiri amagwira okalamba, koma nthawi zina amafika msanga kwa munthu wachinyamata, mkazi kapena mwamuna. Anati si mowa, si ufiti, ndipo sapatsirana. Anawapatsa timapiritsi ndi tsiku lobwereranso. Amayi apampando anadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti pa ulendo wachitatu anauzidwa kudikira panja pamene dokotala ankalankhula ndi amayi paokha, ndipo chitseko chinali chochindikala.

Kalata ya dokotala inawerengedwa m'tchalitchi Lamulungu, abusa akutanthauzira mzere ndi mzere. Dzina la matendalo linawavuta, ndipo anayesa katatu. Atamaliza, amayi apampando anaimirira pamaso pa mpingo wonse, anapita pamene amayi anakhala, anagwada, n'kupereka nsalu yoyera yatsopano ya bulauzi. Anati wosoka wabwino akumudziwa mmodzi yekha, choncho wolandira mphatsoyo adzisokere yekha. Amayi analandira ndi manja awiri n'kunena mawu amodzi akwathu othokozera, akuti takhuta. Mpingo unaimba. Kuyambira pamenepo akulu a mpingo anasintha kayendetsedwe ka thireyi ya Mgonero kuti amayi azilandira pomalizira, abusa atatsala pang'ono kumaliza mawu. Pa misonkhano ya Lachinayi aliyense ankabwera ndi kanthu kong'ambika kuti dzanja la amayi lisasowe chogwira, ndipo amayi ankati matendawa apindulitsa gulu lonse kupatula mwini wake. Abambo atabwera kuchokera ku njanji anamva nkhani yonse kwa anthu asanu asanafike pakhomo, ndipo anagwira chanza amalume nthawi yaitali, kenako n'kuwauza kuti kanyumba kophikira nakonso ndi nyumba.

Chimwemwe changa m'masiku amenewo sindingathe kuchifotokoza mokwanira. Ndinkaona kuti kulakwa kwanga kwafafanizidwa ndipo banja lathu lapambana mlandu. Ndinauza anzanga kusukulu, ndinauza amayi a pa mpopi, ndinauza ngakhale wogulitsa makala, kuti amayi anga samwa, angodwala basi. Dzina la matendalo ndinaliloweza ndipo ndinkalitchula monyadira, popeza palibe mwana wina m'kalasi mwathu amene mayi ake anali ndi matenda a dzina lachizungu. Nditakawauza mwini sitolo uthenga womwewo, anandiyang'ana kanthawi, anaika dzanja pamutu panga, n'kundipatsa siwiti. Ndinaganiza kuti sanamve bwino, ndipo ndinabwerezanso mokweza.

Chiperoni chitatha n'kuyamba mphepo ya fumbi, amayi anachita chinthu chimene chinandikwiyitsa. Anapempha dalaivala wa lole kuti Loweruka lililonse masana azibweretsa makina awo kunyumba n'kudzawatenga Lolemba m'mawa. Anabweranso ndi mpukutu wa nsalu yoyera ya malaya ndi ina yamaluwa. Anandiimika pakhonde, anandiyeza mapewa, mikono ndi khosi, n'kundisokera malaya ondikwana bwino. Ndinasangalala. Loweruka lotsatira anandiyezanso, koma pa muyeso uliwonse anawonjezera zala ziwiri. Lotsatiralo anawonjezera zinayi. Anapitiriza motero mpaka malaya omaliza anawayezera pa mapewa a abambo. Alongo anga awiri anawachitanso chimodzimodzi ndi madiresi, moti wamng'ono uja, amene anali asanayambe sukulu, anasokeredwa diresi la mtsikana wotha msinkhu. Makina ankalira kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ndipo amayi ankaimba nyimbo za kwathu ndi mawu awo ochepa aja, phazi lamanzere likuthandiza lamanja kupalasa.

Malaya alionse ankandiveka kaye asanawapinde. Achitatu anandifika m'maondo. Achisanu mikono yake inapitirira zala zanga n'kumalendewera, ndipo alongo anga anagubuduka pansi ndi kuseka, amayi nawonso akuseka ndi mapewa. Ine sindinaseke. Ndinapita kwa amalume, amene ankatsuka mabulashi kuseri kwa nyumba, n'kuwanong'oneza kuti matenda aja afika m'maso mwa amayi chifukwa sakuthanso kuwerenga tepi, ndipo wina awauze nsalu isanathe. Amalume, amene ankakhala ndi yankho pa chilichonse, anapitiriza kutsuka bulashi imene inali itayera kale, n'kundiuza kuti ndipite ndikaime bwino amayi andiyeze.

Ndinabwerera pakhonde n'kuwauza ndekha amayi kuti alakwitsa muyeso. Anandikokera pafupi, anapinda mikono ya malayawo katatu mpaka manja anga anaoneka, anawongola kolala, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga ankayang'anira mkwatibwi pa khonde la sitolo.

"Sindinalakwitse," anatero. "Udzakuliramo."

Kuti chikalata chino chikhale chokwanira, ndiyenera kulemba kuti malaya omalizawo ndinawavala tsiku limene ndinayamba ntchito ya umesenjala mu ofesi ina ku Blantyre, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anandikwana ngati andiyeza dzulo lake. Pa nthawi imeneyo makina anali atakhala zaka zitatu ataphimbidwa ndi chitenje, ndipo mlongo wanga ndiye ankawamangira amayi mabatani a bulauzi yoyera, Lachinayi lililonse, osaphonya.

Koma tsiku lija pakhonde sindinkadziwa chimene dokotala ananena chitseko chitatsekedwa. Ndinkadziwa kuti munthu akadwala amamwa mapiritsi n'kuchira, ndiponso kuti kudwala n'kwabwino kuposa kuledzera popeza kulibe mlandu. Ndinavula malayawo, ndinawapereka ndi manja awiri, n'kuthamangira ku mpira ndikudandaula mumtima kuti amayi a anzanga amasoka malaya amodzi pa chaka, okwana bwino, pomwe anga akufulumira popanda chifukwa.

Ndatha ine mwini wake wa mawu onse ali pamwambawa,

Faniwelo Lameki Chapepa

Ndalemba ndi dzanja langa ku Mpingwe, Limbe, tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi la mwezi wa Julayi.